Mutu 6: Thanki ya Miyendo Isanu ndi Itatu

1. Zonse kawiri

Kamsomali anali mtsikana wa Fomu 2. Dzinali anamupatsa ndi bambo ake akadali wamng'ono, poti anali woonda, ndipo akakakamira chinthu sankazuka.

Bambo akewo anali owotcherera zitsulo. Anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zitatu pa fakitale ina yopanga mathanki a madzi. Tsiku lina anawaitanira mu ofesi, kuwagwira chanza, n'kuwauza kuti kwabwera makina atsopano. Ogwira zolembera anatsala. Opsa zala anapita. Dziko limayenda choncho, ndipo wina akakuuzani kuti ayi, muyambe mwayang'ana zikhatho zake.

Ku fakitaleko anachokako ndi chifuwa chosapola komanso ndodo yachitsulo yoyezera. Thanki iliyonse ya kumeneko inali ndodo imodzi mulitali, imodzi mulifupi, imodzi msinkhu, ndipo inkaima pa miyendo inayi ya paipi. Anapanga mathanki otere mazanamazana. Palibe ngakhale imodzi imene inagwapo.

Kuseri kwa nyumba anamanga kashedi ka malata asanu ndi limodzi. Kwa miyezi yambiri ntchito yawo inali yomata zigwiriro za mapoto ndi mahinjesi a mageti a anthu. Ankadya atawerama, osayankhula ndi munthu. Amene ankaloledwa kulowa mu shedimo anali Kamsomali yekha. Akaweruka ankasesamo, kusanja masipanala, n'kumalemba homuweki pa benchi, bambo ake akugogoda chitsulo pambali.

Kenako kunabwera mayi wina, mwini sukulu ya mkaka ya kumapeto kwa msewu. Ankafuna thanki yaikulu: ndodo ziwiri mulitali, ziwiri mulifupi, ziwiri msinkhu. Iime m'mwamba, ndipo kunsi kwake kukhale timipopi tofupika toti ana azisambirapo m'manja.

Tsiku limenelo bambo anameta ndevu. Anayambanso kuimba mluzu, mpaka mayi a Kamsomali anatuluka m'khichini supuni ili m'manja, kudzaona kuti wabwera ndi ndani.

Nzeru ya bambo inali yachidule. Thanki yakula kawiri, ndiye zonse zikhale kawiri. Yaing'ono imaima pa miyendo inayi, yaikulu iime pa isanu ndi itatu ya paipi yomweyo. Ku fakitale zowerengera kulemera sizinali zawo. Kunali munthu wa mapepala amene ankangowapatsa chojambula, iwo n'kuwotcherera.

Pofika Lachinayi thanki inali itatha. Anaikweza ndi anzawo pa miyendo yake pabwalo la kuseri, kuti aone ngati mabawuti akulowa bwino. Lole yodzaitenga inali ya Loweruka.

2. Mabokosi a choko

Aphunzitsi a masamu ana ankawatcha a Sikelo. Tsiku lililonse ankanena kuti aljebura ndi sikelo: chimene wachita mbale iyi, uchitenso mbale inayo. Ankanenanso kuti chilembo si mfiti. Chimangosungira malo nambala imene sinafike, monga mwala umene munthu amasiya pa mzere akapita kukakodza.

Lachinayi lomwelo anajambula bokosi pa bolodi, n'kulemba s m'mbali zake zitatu. Anafotokoza kuti zolowa m'bokosilo ndi s × s × s. Kenako anafunsa kuti mbali iliyonse ikatalika kawiri, zolowamo zichuluka kangati.

Kalasi yonse inayankha pamodzi kuti kawiri.

A Sikelo anathokoza kuti onse alakwa mogwirizana, poti zimapeputsa ntchito yochonga. Anatulutsa mabokosi a choko mu kabati. Anaika awiri motsogozana, awiri ena pambali pake, kenako anayi pamwamba. Anauza ana kuti awerenge mokweza. Anali asanu ndi atatu.

Pa bolodi analemba kuti 2s × 2s × 2s = 8s³.

Cholembera cha Kamsomali chinaima.

Anatsegula tsamba lomaliza la kope lake. Kulemera kwa madzi a thanki yaing'ono sankakudziwa, choncho analemba chilembo k m'malo mwake. Miyendo inayi ikagawana, uliwonse umasenza k ÷ 4. Thanki yaikulu ndi 8k. Miyendo isanu ndi itatu ikagawana, uliwonse usenza 8k ÷ 8, ndipo imeneyo ndi k yathunthu. Ndiye kuti mwendo umodzi wa thanki ya bambo ake unkayenera kusenza wokha katundu amene miyendo inayi inkagawana.

Anawerengetsa katatu. Yankho silinasunthe.

Belu litalira anatsalira m'kalasi. Anaonetsa tsambalo kwa a Sikelo, nati pali munthu wina amene wapanga thanki yotere, ndipo kunsi kwake kuzikhala ana.

"Masamu ako ali bwino," anatero a Sikelo. "Zoti paipiyo ithyoka kapena ayi, sindingalumbire, ine si injiniya. Koma mwana wanga sindingamuike kunsi kwake."

Sanafunse kuti munthu winayo ndi ndani. Anakhoma kabati, kupinda miyendo ya thalauza, n'kukwera njinga yawo. Anthu ambiri ophunzira ali choncho. Amakuikira khala lamoto m'manja, iwo n'kupita kukadya.

3. Chenjezo la bambo

Kamsomali anapeza bambo ake akupaka penti yofiira pa miyendo ija, mluzu uli pakamwa. Atamuona anamuseka kuti abwana afika, kodi lero aphunzira kuwerenga tsitsi la mutu wa dazi? Anamupatsa chitini cha penti kuti agwire.

Anachigwira kwa kanthawi. Kenako anachiika pansi, n'kutulutsa kope ndi mabokosi a machesi asanu ndi atatu amene anabwereka pa golosale ya pakona. Anawasanja pa benchi monga anachitira a Sikelo.

"Ababa, thankiyi si kawiri ayi. Ndi ka eyiti. Mwendo uliwonse usenza kanayi kuposa ija ya ku fakitale."

Mluzu unatha. Bambo anayang'ana machesi, kenako kope. Pa kopepo anayang'anapo nthawi yaitali, monga munthu ayang'anira kalata ya m'chinenero cha eni ake. Sukulu analekeza Sitandade 4. Manambala ankawadziwa bwino, koma apa manambala anali atakhala mzere umodzi ndi zilembo.

Anapukuta burashi pa chiguduli, n'kukhala pa mpando.

"Khala pansi ndikuuze. Zilembo zimenezi ndimazidziwa. Sindiziwerenga, koma ndimazidziwa monga mbuzi idziwira mpeni. Ku fakitale kunali mnyamata wa tayi, ankayenda nazo pa kabolodi. Sanapsepo ngakhale chala. Thanki ikadontha, wolakwa ndi ine. Ikakhala bwino, wotamandidwa ndi iye. Tsiku londichotsa, pa tebulo panali pepala lodzaza zilembo ngati zakozi. Ndinafunsa kuti likuti chiyani. Anati likuti ndachuluka."

Anatsokomola mpaka misozi kulengeza m'maso, kenako anapitiriza.

"Zaka makumi awiri ndi zitatu, thanki yanga sinagwepo. Iwe waphunzira ola limodzi, lero ukundiyeza ndi machesi. Ukuyesa sindikuona kuti ndi yaikulu? Nanga miyendo ndinawonjezerayo ndi ya chiyani? Ndinakutumiza kusukulu kuti udzandigwire mkono ndikakalamba, osati udzandichonge ndi inki yofiira. Ndikudziwa mmene mumanenera, kuti tsobola wakale sawawa. Koma tamvera. Munthu wosauka ali ndi chinthu chimodzi basi, dzina. Msewu wonse uno ukuyang'ana thankiyi. Ikaima, mawa kubwera wina, mkuja wina. Ukatuluka ndi pepala limenelo pa geti, wandichotsa ntchito kachiwiri, ndipo ulendo uno wondichotsa akhala mwana wobereka ndekha. Anthu akunja sadzakuthokoza. Adzakupukutira manja ngati chiguduli ichi, n'kukutaya, kenako n'kumaseka kuti taonani mwana wogulitsa bambo ake. Ukachita zimenezo, mu shedi muno usadzapondemonso."

Kamsomali ananena motsitsa mawu kuti mwina angowonjezera miyendo, kapena apeze paipi yokhuthala. Bambo anati paipi yatha, lole ndi ya Loweruka, ndipo nkhani yathera pomwepo. Anakankha machesi aja ndi kuseri kwa dzanja, nati awabweze kumene wawatenga asananyowe.

4. Chenjezo la mayi

M'khichini mayi ake anali atamva zonse, poti khoma lake linali la thabwa. Anamupatsa mbale zoti atsuke, iwo n'kuima pambali pake ndi kansalu kopukutira.

"Ine zilembo zako sindizitsutsa, poti sindizidziwa. Koma bambo ako ndimawadziwa. Miyezi yonseyi ndawaona atakhala kuseriko manja ali m'khosi, akudikira geti ya munthu ithyoke. Sabata ino ndi pamene ayamba kudya n'kukhuta. Mwamuna amene wagwa kamodzi, ukamukankha pamene akudzuka, sadzukanso. Dikira, mwana wanga. Mwina thankiyo siidzadzaza n'komwe. Mwina chitsulocho n'cholimba kuposa mmene mukuganizira ndi aphunzitsi akowo. Usakhale wothamanga ngati wayamba kuona dzuwa ndi iwe. Za m'nyumba zimathera m'nyumba. Ndiyankhula nawo ine."

Anayankhuladi nawo pa chakudya chamadzulo, mozungulira, ngati akufunsa za nyengo. Anangoti kaya miyendo ina iwiri ingavute. Bambo anasamba m'manja chakudya chili pakati, n'kutuluka panja. Mayi anavundikira mbale yawo.

5. Maenje asanu ndi atatu

Njira ya Kamsomali yopita kusukulu inkadutsa pa sukulu ya mkaka ija. Lachisanu m'mawa anasuzumira pa mpanda wa waya. Anaona maenje asanu ndi atatu okumbidwa kale, matumba a simenti ali pambali. Pakati pa maenjewo panali timipopi tisanu pa mzere, tolekeza m'mawondo mwa munthu wamkulu.

Kamtsikana kena, kovala yunifolomu yofika m'mapazi, kankatsegula kampopi kouma. Kankatchera manja kunsi, kumawapukusa ngati kakusamba, kenako n'kuwapukuta pa mimba.

Kamsomali anapitirira mpaka pa kona, n'kuima. Belu la kusukulu kwawo linamveka patali. Anabwerera.

Eni sukulu anali mu ofesi akudula mapepala a mitundumitundu ndi sizasi. Kamsomali anawauza za thanki ija, ndipo anamvetsera nsidze atakweza. Funso lawo loyamba linali loti kodi wakangana ndi bambo ake. Lachiwiri linali loti kodi watumidwa ndi wowotcherera wina wansanje. Kamsomali anakana zonse ziwiri, n'kutsegula kope.

Mayiwo sukulu anapitako ndithu. Anatsatira mizere ija ndi chala, milomo ikuyenda. Atafika pansi anaika sizasi pa tebulo, nafunsa kuti nanga miyendo imeneyi ingasenze madzi ochuluka bwanji popanda chikayiko.

Kamsomali analemba x, kuimira chiwerengero cha mathanki ang'onoang'ono amene angathiridwe mu yaikuluyo, mwendo uliwonse n'kusenzabe katundu amene unazolowera. Analemba kuti x ÷ 8 = 1 ÷ 4. Anachulukitsa mbali zonse ziwiri ndi 8. Yankho linali x = 2. Anafotokoza kuti ndi madzi a mathanki awiri okha mwa asanu ndi atatu, ndiye kuti kota ya thanki. Kupyola pamenepo palibe amene akudziwa.

"Ine ndinaitanitsa thanki, osati kota ya thanki," anatero eni sukulu.

Kamsomali anawapempha chinthu chimodzi. Akayankhule ndi bambo ake paokha, mwaulemu, ndipo asatchule amene wanena. Angoti mtima wawo ukufuna miyendo yambiri. Mayiwo anavomera msangamsanga, mpaka kumusisita phewa. Munthu wovomera msanga muzimuopa.

Kusukulu anafika mochedwa, ndipo anamupatsa chilango chotola zinyalala kuseri kwa makalasi. Anatola osadandaula.

6. Kunsi kwa thanki

Poweruka masana, Kamsomali anamva phokoso asanafike pa geti. Eni sukulu anali atabwera ndi alamu awo, komanso makolo atatu a ana. Oyandikana nawo nyumba anali atandanda pa mpanda, ena atakwera pa njerwa kuti aone bwino. Anali anthu omwewo amene miyezi yonse ija sanabwerepo ngakhale ndi moni.

Bambo anaima pafupi ndi thanki yawo, manja kumbuyo. Alamu aja ankagogoda miyendo ndi kiyi wa galimoto, n'kumauza anthu kuti izi ndi ndodo za mbendera. Kholo lina linkati munthu wotere akanafunika kukamusiya ku polisi. Bambo anadikira kuti phokoso lichepe, kenako anafunsa modekha kuti wawauza ndi ndani kuti thanki yawo igwa.

"Mwana wanu yemwe," anatero eni sukulu, akuloza pa geti. "Suyo wafikayo. Mufunseni."

Mitu yonse inatembenuka, kupatula wa bambo.

Sanakalipe. Anapempha alamu aja kuti apatuke pang'ono. Analumikiza paipi ya pulasitiki ku mpopi wa pabwalo, kukwera makwerero, n'kuiponya mu thanki. Atatsika analowa mu shedi, n'kutuluka ndi mpando. Anauika pakati penipeni pa miyendo ija, kunsi kwa thanki, n'kukhalapo.

"Tsegulani madzi. Ndikhala pano mpaka isefukire. Ikagwa, igwere mwini wake."

Mayi a Kamsomali anawagwira mkono, kuwapempha kuti aganizire ana awo, aganizire iwowo. Bambo anachotsa mkonowo pang'onopang'ono. Palibe amene anafuna kutsegula mpopi, choncho anadzuka kukatsegula okha, n'kubwerera pa mpando. Anati amene atseke adziwe kuti wawatukwana pamaso pa anthu.

Anthu anafutukira m'mbuyo, koma palibe amene anachoka. Eni sukulu anauza aliyense wofuna kumva kuti iwo sanatume munthu kuchita zimenezi. Alamu aja anakasuntha galimoto yawo kuti ikhale kutali ndi mpanda.

Pambali pa thanki panali kapaipi koonekera mkati, kosonyeza pamene madzi afika. Kamsomali anaima pa geti, chikwama chili kumsana, maso ali pa kapaipiko. Madzi ankakwera pang'onopang'ono ngati nyerere pa khoma. Ola linatha. Mthunzi wa thanki unasuntha mpaka kukafika pa khomo la shedi. Bambo anangokhala, manja pa mawondo, akutsokomola mwa apo ndi apo.

Madzi anafika pa kota, n'kupitirira.

Kamsomali anavula chikwama, n'kuchipereka kwa mayi ake. Anatola chitini chopanda kanthu, nawerama kulowa pakati pa miyendo yofiira ija. Anachitembenuza pafupi ndi mpando wa bambo ake, n'kukhalapo. Pamwamba pa mutu wake madzi ankamveka akugwera mu chitsulo. Kunsiko kunali kozizira, ndipo kunkanunkha penti.

"Choka apa," anatero bambo, osamuyang'ana.

"Mwanena kuti siigwa, ababa. Ndiye ndikhala nanu."

Apo mpamene bambo anatembenuka. Anayang'ana mwana wawo, nayang'ana mpopi umene unali mapazi asanu okha kuchokera pa mpando, nayang'ananso anthu a pa mpanda aja, amene ankadikira kuti aone ngati mkuluyu adzuke.

Kumbuyo kwawo, mwendo wa pa kona unalira kamodzi, pang'ono chabe, ngati munthu wakukuta mano.

Onse awiri anaumva.